Msewu Umene Unadutsa Achule Ali M'tulo

Si kale kwenikweni pamene Nyamalikiti ndi Nachule anakangana chifukwa cha msewu, Mfuko n'kukokeredwamo asakufuna. Nyamalikiti anali woyeza misewu wa dziko lonse la nyama, wanzeru zedi, koma maso ake ankangokhala kutali, ndipo za pafupi ndi mapazi ake sankazidziwa. Nachule anali mayi wa ku phiri la Chamkoko, wochepa ngati chibakera, koma akagwira nkhani sankaisiya. Mfuko anali wokumba pansi, wamantha, wosakonda zolankhulalankhula.

Masiku amenewo dziko la nyama linkatukuka mothamanga. Pamene chaka chatha panali tchire, chaka chino unkapezapo msika, ndipo pamene panali msika unkapezapo nyumba zosanjikizana. Chimene chinatsalira m'mbuyo ndi msewu wakale wochoka kumtunda kupita kuchigwa, umene unali maenje okhaokha. Matimati ankaolera m'lole asanafike kumsika, ndipo wodwala ankatsanzikiratu abale ake asanakwere galimoto yopita kuchipatala.

Choncho boma la nyama litalengeza kuti limanga msewu waukulu watsopano, panalibe anatsutsa. Unali woti magalimoto aziyendamo anayi nthawi imodzi, awiri opita ndi awiri obwera, pakati pake khoma la konkire, m'mbali mwake mpanda wa waya. Ulendo wa masiku atatu unali woti uzitha m'mawa umodzi. Ngakhale ine, ndikanakhalako, ndikanawomba m'manja.

Tsono kumeneko kunali mwambo wabwino ndithu. Khasu lisanakhudze nthaka, woyeza msewu ankaima pamalo aliwonse pamene msewu udzadutse, n'kufunsa mokweza katatu kuti, "Alipo wodandaula?" Wodandaula akapezeka, ankamumvera. Akapanda kupezeka, woyezayo ankalemba m'buku, ntchito n'kuyamba.

Tisamunamizire Nyamalikiti, mwambowo anautsata bwinobwino. Anyani atadandaula kuti adzafika bwanji ku mitengo yawo ya masuku, anawamangira mlatho wodutsa pamwamba pa msewu. Njovu zitadandaula, anazisiyira mpata waukulu woti ziziwolokera ndi ana awo. Aliyense wamtali mokwanira kuti aoneke anamvedwa.

Patsinde pa phiri la Chamkoko anafikapo mwezi wa Juni, kukuzizira, udzu utauma. Anaima, n'kuwongola khosi lake, n'kufunsa katatu, koma kunali zii. Analemba m'buku kuti palibe wodandaula, osadziwa kuti pansi pa ziboda zake, mikono iwiri kulowa m'nthaka, munali achule mazanamazana ali m'tulo. Paja achule a kumeneko mvula ikangotha amadzikwirira m'dothi, ndipo sadzuka mpaka mvula yoyamba iwagogodere.

Mfuko yekha ndiye ankadziwa zimenezi, chifukwa pokumba ankawalambalala. Anatulutsa mphuno yake kuti anene, koma Njati, kapitawo wa ntchitoyo, anayamba ndiye kumuona.

"Iwe, choka apa!" anakalipa Njati. "Mfuko aliyense wopezeka pafupi ndi msewu uno ndimuponda ndekha. Mukufuna mutibowolere msewu tisanaumange n'komwe?"

Mfuko anabwerera m'dzenje mawu ake ali m'kamwa.

Chilimwe chonse mathirakitala anabangula ndipo fumbi linali koboo. Pofika Novembala msewu unali utagona pakati pa phiri la Chamkoko ndi dambo la kumunsi kwake, wakuda bii, utakwezedwa pa chimtumbira chachitali. Nyamalikiti ankauyang'ana kuchokera kumtunda mpaka kuchigwa mtima wake uli mbee. Tsiku lotsegulira linaikidwa Loweruka, ndipo nduna inali itasoketsa kale suti.

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu m'mawa. Achule anadzuka, n'kudzithyolathyola, n'kuyamba kutsetsereka kulowera kudambo monga ankachitira amayi awo ndi agogo awo. Nachule anali pakati pawo, mimba itadzaza mazira. Mazira a chule sadikira munthu: akakhwima amafuna madzi a dambo m'masiku atatu okha, kupanda kutero amawonongekera m'mimba.

Atafika patsinde pa phiri anangoti kakasi. Pamene chaka chatha panali kanjira kawo, panali chiphiri china chachilendo, pamwamba pake pakuyenda malole a omanga msewu. Dambo ankalimva fungo lokha.

Nathesi, mng'ono wake wa Nachule, anali wothamanga magazi. "Achemwali, tikaima apa tikalamba," anatero. "Ine ndikukaona kutsogoloko."

Anakwera chimtumbiracho, n'kulowa pa waya, n'kudumpha paphula mpaka pakati. Kumeneko anapeza khoma la konkire. Analumpha kamodzi, kawiri, katatu, osafika ngakhale theka lake, ndipo potembenuka kuti abwerere kunatulukira lole ya mchenga. Dalaivala wake sanamve kanthu, sanaonenso kanthu.

Ena ambiri amene anamutsatira zinawathera chimodzimodzi. Nachule analira, chifukwa Nathesi anamulera yekha, ndipo chaka chimenecho chinali choyamba kuti mng'ono wakeyo akaikire mazira. Koma atalira anapukuta misozi. Anauza achule onse kuti pasapezeke wina wokwera chimtumbiracho, iye n'kunyamuka kupita kumsasa wa omanga msewu.

Kumsasako anamupeza Nyamalikiti akuwerenga mapepala. Nachule anaima pafupi ndi chiboda chake n'kufuula mpaka kukhosi kunawawa, koma mawu ake ankathera m'maondo. Wina akanabwerera, koma Nachule anakhala pansi n'kuganiza kuti nyama yaitali chonchi iyenera kuti imatsitsa mutu nthawi ina yake. Atayang'anayang'ana anaona chithaphwi cha madzi a mvula kuseri kwa msasa, n'kukalowamo.

Dzuwa lili paliwombo Nyamalikiti anamva ludzu. Anayang'ana uku ndi uku, chifukwa sankafuna kuti antchito ake amuone akumwa madzi. Kumwa kwa Nyamalikiti ndi kochititsa manyazi: amatangadza miyendo yakutsogolo, mbuyo ili m'mwamba, ulemu wonse utathawa. Milomo yake itangokhudza madzi, anakumana ndi maso awiri akumuyang'ana.

"Mwaswera bwanji, bwana?" anatero Nachule. "Pepani musadzuke. Mukadzuka sitimvananso."

"Ndinu ndani, mayi? Mukufuna chiyani m'madzi anga?"

"Ndine Nachule wa ku Chamkoko. Msewu wanu watitsekera njira yopita kudambo. Mng'ono wanga wafa lero m'mawa, ndipo ine ndili ndi mazira amene safika Lamulungu."

Nyamalikiti anadabwa. "Ku Chamkoko? Kumeneko ndinafunsa katatu, ndipo palibe anayankha. Zili m'buku."

"Munafunsa liti, bwana?"

"Mu Juni."

"Mu Juni ife timakhala tili pansi pa nthaka. Munafunsa anthu ali m'tulo."

"Ndiye kugona kwanuko ndi mlandu wanga?" anatero Nyamalikiti, khosi likuyamba kumuwawa. "Mwambo umati katatu, ine ndinafunsa katatu. Komanso pali mlatho wa anyani, pitani mukawolokere pamenepo. Ndi pafupi, ndikaimirira ndimauona."

"Pafupi kwa inu," anayankha Nachule. "Kwa ine ndi ulendo wa masiku asanu, kenako masitepe makumi anayi. Bwana, munandionapo ndikukwera masitepe?"

Nyamalikiti anafuna kuseka, koma nkhope ya Nachule sinali ya nthabwala. Anati msewu watha, nduna ikubwera Loweruka, ndipo palibe chimene angachite. Anayamba kubweza miyendo yake kuti aimirire.

"Chimodzi chokha ndikupempha," anafulumira Nachule. "Sindikuti gumulani msewu, ifenso tili ndi abale kuchigwa ofuna chipatala. Pitani mukaime pamalo omwe aja, mukafunsenso funso lanu lija lero. Pakakhala zii, sindidzakuvutaninso."

Nyamalikiti anaona kuti kufunsa sikuthyola fupa. Anavomera, makamaka pofuna kuti mayi wovutayo amusiye amwe madzi mwamtendere.

Madzulo a tsiku lomwelo anakaima patsinde pa Chamkoko, Njati ali pambali pake. Poyang'ana kutali anaona phiri, mitambo ndi msewu wake wokongola, koma wodandaula sanamuone. Anawongola khosi monga anachitira mu Juni.

"Alipo wodandaula?"

Sanafike pofunsa kachiwiri. Nthaka yonse inayankha. Achule mazanamazana analira nthawi imodzi, m'udzu, m'miyala, m'munsi mwa waya, mpaka Njati, amene sankaopa ngakhale mkango, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Phokosolo linakwera phiri n'kubwerera, ndipo mbalame zinathawa m'mitengo.

Nyamalikiti anatangadza miyendo pamaso pa kapitawo wake, osasamalanso za manyazi, n'kutsitsa mutu. Anaona amayi olemedwa atapanikizana m'matope, onse atayang'ana kudambo. Anasuzumira paphula, n'kuzindikira kuti timadontho timene m'mawa uja ankatiyesa masamba ogwa ndi mvula sitinali masamba. Mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa sanali woipa, anali wamtali chabe.

"Mayi Nachule," anatero motsitsa mawu, "ndalakwa. Ndinafunsa pa nthawi yabwino kwa ine. Koma msewu sindingaunyamule, ndipo khomalo likachoka magalimoto aziwombana. Ndichite chiyani?"

"Pamwamba ndi panu, bwana, khalani napo," anayankha Nachule. "Ife tipatseni pansi."

"Pansi? Angakumbe pansi pa msewu wotha kale ndani osaugumula?"

"Alipo. Koma akapitawo anuwa anamulonjeza chiboda."

Njati anayang'ana kumbali n'kuyamba kukanda pansi ndi phazi.

Kumupeza Mfuko sikunavute, koma kumutulutsa ndiye inali ntchito. Nachule anaima pakhomo pa dzenje lake n'kuitana mpaka mphuno inatulukira.

"Alamu, tulukani, tikukufunani kumsewu."

"Kumsewu? Ine ayi, mlamu. Ndili ndi ana ang'onoang'ono."

"Inenso ndili nawo, koma anga akadali m'mimba, ndipo atsala ndi masiku atatu. Inu munkadziwa kuti tili pansi paja. Ndamva kuti tsiku lija munachita mantha, ndipo sindikukudzudzulani. Koma lero musachitenso."

Mfuko ananunkhiza uku ndi uku. Kenako anafunsa ngati Njati ali pomwepo. Njati anayandikira, n'kutsokomola kawiri, n'kunena kuti mawu aja anali a mkwiyo wa ntchito basi, ndipo a Mfuko akhululuke. Kumva Njati akuti "a Mfuko" kunali kwachilendo moti Mfuko anatuluka thupi lonse kuti aone ngati analidi yemweyo.

Atafika pamsewu, Mfuko ananunkhiza dothi, n'kulikanda, n'kupukusa mutu.

"Bwana, akapitawowa sananame," anatero. "Ndikakumba ndekha, mvula ziwiri zokha msewu wanu utitimira. Dzenje langa ndi la ine ndekha, si la pansi pa malole. Pakufunika mipaipi ya konkire, ine ndizikumba kutsogolo, wina azikankha paipi m'mbuyo mwanga."

"Mipaipi ilipo kumsasa, inatsala pomanga mlatho," anatero Nyamalikiti. "Ndiyeze pati?"

"Musayeze. Afunseni awa. Pamene chule amadutsa ndi pamene madzi amadutsanso, ndiye mukatsata iwowa mupulumutsa ndi msewu womwe."

Nachule anadumpha n'kukaima pamene panali kanjira kakale. Nyamalikiti, woyeza misewu wa dziko lonse, anakhoma chikhomo chake pamene chule anamuuza.

Lachinayi m'mawa ntchito inayamba. Mfuko anaitana abale ake onse, ndipo dothi linkatuluka ngati ufa pachigayo. Njati ankakankha mipaipi ndi mutu, thukuta lili kamukamu, ndipo paipi ikapotoka Mfuko ankamukalipira kuchokera m'kati. Wamantha uja pa ntchito yake analibe mantha ngakhale pang'ono.

Lachisanu masana anakumana ndi mwala waukulu pansi penipeni pa khoma lapakati. Kuuphwanya sikukanatheka, ndipo kuulambalala kunkafuna theka la tsiku. Apa n'kuti mimba ya Nachule itayamba kumukoka, ndipo kudumpha kunkamuvuta. Achule ena anayamba kunong'onezana kuti bola angoyesa pamwamba.

"Wokwera pamenepo ayambe wandidumpha ine," anatero Nachule, atakhala patsinde pa chimtumbira. Palibe anayerekeza.

Loweruka linafika kukuwaza kamvula. Kumtunda, kumene msewu unkayambira, kunali mbendera, ng'oma ndi mipando yokutidwa nsalu zoyera. Nduna inafika ndi suti yake, riboni inamangidwa, ndipo magalimoto anandanda kudikira kuti ayambe ulendo. Nthawi yomweyo ku Chamkoko mphuno ya Mfuko inatulukira mbali ya kudambo, ndipo Njati anakankha paipi yomaliza.

Achule anakhamukira m'paipimo. Nachule anaima pakhomo pake n'kumawalowetsa m'mizere kuti asapondane, okalamba ndi olemedwa kwambiri patsogolo. Mfuko anamuchonderera kuti alowe msanga, koma iye anakana.

"Ndikalowa ine, otsalawa ayamba kukankhana, ena athawira pamwamba. Ndilowa pomaliza."

Kumtunda kuja wotsogolera mwambo anaitana woyeza msewu kuti abwere adzapereke sizasi kwa nduna. Anaitana kamodzi, anaitana kawiri, anthu n'kumatembenuka, koma nyama yaitali kuposa zonse sinkaoneka paliponse. Nduna inadikira, kenako inatenga yokha sizasiyo n'kudula riboni. Ng'oma zinalira ndipo magalimoto ananyamuka.

Nyamalikiti anali ku Chamkoko, mbali ya kudambo, miyendo atatangadza m'matope, mbuyo ili m'mwamba, diso lili pakamwa pa paipi. Achule ankatuluka n'kumudutsa m'mbali mwa mphuno, ena n'kumuthokoza, ena osamuona n'komwe chifukwa cha changu. Mzerewo unayamba kuchepa, kenako unatha. Nachule sanatuluke.

Magalimoto oyamba anafika n'kuyamba kudutsa pamwamba, paipi yonse n'kumanjenjemera. Okwera basi ena anaona mbuyo ya Nyamalikiti n'kuyamba kuseka ndi kuloza, koma iye sanadzuke. Khosi linkamuwawa, ndipo mantha anamugwira kuti mwina wachedwa ndi tsiku limodzi lokha.

"Mayi Nachule!" anaitana m'paipimo. "Mayi Nachule, muli moyo?"

Munali zii. Kenako anamva kukhwekhwereza, pang'onopang'ono, kuima, n'kuyambanso. Nachule anatulukira akukwawa, chifukwa kudumpha kunali kutamukanika, thupi lonse lili matope.

"Mwafika!" anatero Nyamalikiti, misozi ikulengeza.

"Ndafika, bwana. Tsono tasunthani, mwaima panjira."

Nyamalikiti anasuntha mutu wake. Nachule anakwawa mikono itatu yotsalayo n'kugwera m'madzi a dambo, ndipo dzuwa lisanapendeke mazira ake onse anali akuyandama pakati pa mabango.

Patatha milungu iwiri dambo linali lakuda ndi mbululu. Pamwamba pake malole a matimati ankafika kumsika matimati akadali olimba, ndipo odwala ankapita kuchipatala m'mawa, madzulo n'kubwerako. Mfuko analembedwa ntchito yoika mipaipi m'misewu yonse yatsopano, ndipo Njati ankamupatsa moni poyamba. Mwambo wofunsa uja unasinthidwa: woyeza msewu ankafunsa m'chilimwe, n'kudzabweranso m'dzinja kudzafunsa kachiwiri, mutu atautsitsa pansi.

Nathesi sanabwerere, ndipo Nachule sanamuiwale. Koma chaka chotsatira, mvula yoyamba itagwa, ana a Nachule anatsetsereka phiri la Chamkoko, n'kulowa m'paipi, n'kutulukira kudambo onse amoyo.

Phunziro: Munthu akapanda kuyankha sindiye kuti wavomera, mwina mwamufunsa pa nthawi imene sangathe kumva. Chitukuko ndi chabwino, koma musanayambe ntchito yaikulu funsani anthu pa nthawi yawo ndi pamalo pawo, ndipo muwerame kuti mumve ngakhale ang'onoang'ono.